Duwa lofiira pa dothi la makande

Amene Phiri la Mulanje mudangolionera mbali ya minda ya tiyi, dziwani kuti kuseri kwake kuli dziko lina. Mukakhota pa Chitakale n'kudutsa pa Likhubula, thanthwe la Chambe lili kudzanja lanu lamanja, kubiriwira kuja kumayamba kuzilala pang'onopang'ono. Pofika pa boma la Phalombe, za tiyi mumakhala mutaiwala. Kutsogolo kwanu kumakhala chigwa chotambalala mpaka ku nyanja ya Chilwa, chodzaza ndi minda ya chimanga, nandolo ndi mpendadzuwa, komanso njinga zakapalasa zoti simungaziwerenge.

Chimene chimachitika n'chakuti mphepo yonyowa yochokera cha ku Mozambique ikagunda phirili, imakhuthula mvula yambiri mbali ya tiyi ija. Ikamatsikira kuno imakhala itafinyidwa kale. N'chifukwa chake Okutobala wa ku Phalombe si wamasewera. Dzuwa limaswa mtengo, kamvuluvulu amangozungulira m'minda youma, ndipo ukatsuka mpango n'kuyanika, umauma usanamalize kutsuka wina.

Mwezi womwewo ndi umene ndidakhala masiku angapo kwa azakhali anga cha ku Migowi. Poyenda pa kabaza m'midzi yozungulira, maso anga ankangogwera pa chinthu chimodzi. Pakati pa fumbi lonselo, pakhomo pena ndi pena pamaoneka chitsamba cha masamba owala, chovala maluwa ofiira aakulu ngati chikhatho cha mwana. Dzina lake ndi hibiscus, ngakhale ambiri kuno amangoti maluwa basi. Si makomo onse ayi. Mumatha kudutsa nyumba khumi osaona kanthu, kenako n'kukumana nalo litaima pafupi ndi khonde ngati mlendo wovala bwino amene wafika pa mwambo wolakwika.

Mnyamata wa kabaza amene ankandinyamula, ataona ndikumuimitsa kachitatu kuti ndijambule, adalephera kupirira. "Achemwali, kodi zimenezi zimadyedwa?"

Funso limeneli musaliseke. Kudera kumene madzi amabwera pamutu, kuthirira chinthu chosalowa mumphika kumafuna kuti munthu ayankhe. Ndipo yankho lake lili ndi kachinsinsi kosangalatsa: hibiscus ndi m'bale wake weniweni wa therere lobala, chidede ndi thonje. Tsiku lina mudzayang'anitsitse duwa la therere m'dimba, mudzaona kuti kapangidwe kake n'kamodzimodzi, ndi kamtengo kotulukira pakati kaja. Mukatikita tsamba la hibiscus ndi zala, limatereranso chimodzimodzi. Kungoti m'banja lonseli, iyeyu ndiye adasankha ntchito yotchena. Ku Malaysia adalisankha kukhala duwa la fuko lawo mu 1960, pomwe ku India ena amapukutira nalo nsapato kuti ziwale.

Duwa lililonse limakhala tsiku limodzi, likachulutsa awiri. Limamasula m'mawa, madzulo lafota, mawa lagwa. Anthu ambiri ongoyamba kumene amadandaula kuti chitsamba chawo chikudwala poona maluwa ali mbwee pansi. Sichikudwala, ndi mmene chidalengedwera. Chimene muyenera kuyang'ana ndi timaluwa tosamasula. Tikamagwa tisanatseguke, pamenepo ndiye pali nkhani.

Mdani woyamba m'chigwa muno ali pansi pa mapazi anu. Malo ambiri dothi lake ndi makande, lakuda lija. M'chilimwe limang'ambika ming'alu yoti foni ikagweramo mungoyiiwala, ndipo mvula ikagwa limamata moti njinga imanyamulidwa paphewa. Kwa tchana, amene alimi amadzala mvula ikamatha, dothi losunga chinyezi chotere ndi dalitso. Kwa hibiscus ndi msampha. Mizu yake imafuna madzi pafupipafupi koma siifuna kukhala m'madzi. Mukakumba dzenje m'makande n'kuthiramo dothi labwino lofewa, mwaumba mtsuko. Januwale akafika, madzi amadzaza m'dzenjemo osapita kulikonse, mizu n'kuwola, masamba n'kusanduka achikasu, mwini wake n'kumadabwa kuti mvula yonseyi bwanji duwa likufota.

Azakhali sakumba dzenje. Amaunjika kamulu kofika cha m'katumba, ngati kodzalapo mbatata, ka dothi losakaniza ndi mchenga wa kumtsinje, manyowa a mbuzi owolerana bwino ndi mankhusu a mpunga. Duwa limakhala pamwamba pake, madzi a mvula amatsetsereka n'kumapita. Pamwamba amaphimbira ndi udzu wouma, koma amasiya mpata pang'ono kuzungulira tsinde chifukwa chiswe cha kuno chikangomva fungo la udzu sichichedwa. Mukayandikira m'munsi mwa phiri, kumene dothi lili ndi mchenga ndi timiyala, vutoli limachepa, ndipo ndidaona kuti maluwa a kumeneko amakula mosavutikira.

Pali kanthu kena kamene ambiri amachita ndi mtima wabwino: kuthira phulusa. Phulusa lili ndi chakudya chothandiza kuti mbewu ichite maluwa, zoona. Koma hibiscus amakonda dothi lowawasa pang'ono, pomwe makande nthawi zambiri amapendekera mbali inayo, ndipo phulusa limangowonjezera vutolo. Chizindikiro chake ndi masamba anthete achikasu okhala ndi mitsempha yobiriwira. Mukaona zimenezo siyani phulusa, onjezerani manyowa ndi masamba owolerana. Za feteleza sindinena zambiri, mtengo wake tonse tikuudziwa, palibe angatapule m'thumba la chimanga kuti adyetse duwa. Ndipo Urea amangochulutsa masamba, maluwa osaoneka.

Tsopano nkhani ya madzi, imene kuno ndiyo nkhani yeniyeni.

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mitsinje ngati Phalombe ndi Sombani imathira mmenemo, dzuwa n'kumamwa madziwo, mchere n'kumatsala. N'chifukwa chake mijigo ina ya kumunsi kwa chigwa imatulutsa madzi amchere, oti ukaphikira tiyi umadziwa wekha. Amene ali pafupi ndi mipope ya madzi otsika okha kuchokera m'phiri ali ndi mwayi, koma m'chilimwe nayonso imadontha mwaulesi ndipo mzere wa ndowa umatalika. Duwa lothiriridwa madzi amchere limaoneka: m'mphepete mwa masamba mumapsa ngati mwawauka, pamwamba pa dothi pamachita zoyera ngati ufa.

Azakhali ali ndi malamulo awo pa nkhaniyi. Madzi otsukira mpunga, ndiwo zamasamba kapena mbatata sataidwa, amapita ku duwa. Madzi ochapira ndi sopo waufa saloledwa kufika pafupi, chifukwa sopo ameneyu ali ndi mchere wakewake umene umaononga dothi. Amathirira madzulo, ndowa imodzi ya malita 20 yonse nthawi imodzi, kenako n'kudikira masiku atatu kapena anayi. Ndidawafunsa chifukwa chake sangothira kapu imodzi tsiku lililonse.

"Iwe mwana wa achimwene anga, ukamupatsa mlendo madzi pa supuni, ludzu limatha?"

Akunena zoona. Madzi ochepa amangonyowetsa pamwamba, mizu n'kuzolowera kukhala pamwamba pomwepo pamene dzuwa limawotcha. Madzi ambiri a nthawi imodzi amalowa pansi, amakankhiranso mchere kutali ndi mizu. Chimene hibiscus amadana nacho kwambiri ndi kusinthasintha, sabata ino kuuma gwaa, sabata yamawa kusefukira. Timaluwa tosamasula tija timagwa pa chifukwa chimenechi.

Ine maganizo anga ndi awa, ndipo ena sagwirizana nawo. Ngati pakhomo panu madzi amachokera kutali, ndipo amene amasenza ndowayo ndi mwana wasukulu kapena mayi wotopa kale, musadzale hibiscus asanu chifukwa mwawaona pa Facebook. Dzalani mmodzi, pafupi ndi pamene mumatsukira ndiwo. Mukafuna mpanda wonse wa maluwa, dzalani bougainvillea. Ameneyo kwawo ndi ku South America, ndipo akangogwira, chilala ndiye chimamuchititsa maluwa ambiri. Ali ndi minga, sapempha ndowa. Hibiscus ndi wa munthu amene wavomera kuti azimuyang'ana ngati nkhuku yoikira.

Nanga mbuzi? Abale, mbuzi za ku Phalombe! Anthu akangokolola, zimamasulidwa, ndipo nyengo imene kulibe chobiriwira china chilichonse, tsamba la hibiscus kwa izo ndi nsima ya nyama. Chitsamba chimene mwachilera miyezi 8 chimatha pa nthawi imene mwalowa m'nyumba kukatenga mchere. Makomo onse amene ndidapezako duwa lamoyo anali ndi chotchingira: ena nsungwi zolukidwa, ena njerwa zosanjikiza mosiya mipata, ena minga. Pakhomo pena adazunguliza ndi neti yakale ya udzudzu yong'ambikang'ambika. Choseketsa n'chakuti mbuzi yomweyo ndi imene imapereka manyowa abwino koposa. Pa nkhani ya mbuzi ya neba, musayembekeze kuti amfumu akaweruza mlandu wa duwa. Mangani mpanda.

Tizilombo take ndi todziwika kwa aliyense amene adalimapo. Nsabwe zimaunjikana ku nsonga zanthete, ndipo kodikodi, woyera ngati thonje uja, amabisala m'mphanda za nthambi. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pa tsinde, dziwani kuti zikuweta tizilomboti chifukwa cha timadzi totsekemera timene timatulutsa. Mankhwala ake safuna ndalama: sinjani masamba a nimu, muwaviike usiku wonse, musefe, muthiremo kathovu pang'ono ka sopo wamtanda, mupopere madzulo dzuwa litapepa. Nthambi imene yagwidwa kwambiri ingodulani n'kuitentha.

Kudulira nthambi n'kofunika ndithu chifukwa maluwa amabwera pa mphukira zatsopano. Chitsamba chosadulira chimangotalika ngati ndodo, duwa limodzi kunsonga. Malangizo ambiri a pa intaneti amati muzidulira nyengo yozizira ikangotha, koma adalembedwera anthu okhala ndi mpope pakhomo. Kuno mukadulira mu Ogasiti, mphukira zanthete zimakumana ndi dzuwa la Okutobala ndi mbuzi zanjala. Kuli bwino kudikira mpaka mitambo itayamba kusonkhana mu Novembala, n'kuchotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a nthambi iliyonse ndi mpeni wakuthwa.

Nthambi zodulazo ndiye mbewu. Palibe amene ndidakumana naye amene adagula duwa lake. Aliyense amati adapempha: wina ku tchalitchi, wina kwa aphunzitsi, wina kwa mlamu wake ku Zomba. Mumatenga kanthambi konenepa ngati pensulo, kotalika masentimita 15 kapena 20, n'kuchotsa masamba am'munsi, kusiya awiri kumwamba. Mumakazika m'dothi lamchenga, m'paketi ya Chibuku yoboola pansi, n'kukaika pamthunzi. Pakatha milungu 6 kapena 8 mizu imakhala itatuluka. Zikani tinthambi tisanu, chifukwa si tonse timagwira.

Ndikamafunsa kumene duwa lidachokera, nthawi zambiri nkhani inkakhotera kwina. Dera lino lili ndi zipsera. Mu Malichi 1991, napolo adatsika m'phiri la Michesi ndi miyala ndi matope, n'kupha anthu mazanamazana. Miyala ina ikuluikulu imene mumaiona pafupi ndi boma idabwera tsiku limenelo. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy adabweranso, ndipo madera ngati Nkhulambe adasakazidwa koopsa. Mayi wina amene ndidacheza naye pakhonde la nyumba ya njerwa zatsopano adandiuza kuti nyumba yawo yoyamba idagwa ndi madzi a Freddy. Atamanga inayi, denga lisanathe n'komwe, adapita kwa mchemwali wawo kukathyola nthambi. Amuna awo adawaseka. Iwo adangoti pakhomo popanda chomera pamaoneka ngati pa msasa, ndipo za misasa adatopa nazo. Chitsambacho tsopano chafika m'chiuno, ndipo amene amakonza mpanda wake mbuzi zikaphwasula ndi bambo omwewo.

Amene muli pa lendi, kapena mukukhala malo oti madzi amadikha, njira yake ndidaiona kumunsi kwa chigwa, kuyandikira ku Chilwa, kumene minda ya chimanga imasanduka ya mpunga ndipo nsomba zouma zimanunkhira pamsika uliwonse. Kumeneko hibiscus ndi wosowa, ndipo ochepa amene ndidawaona anali m'zigubu za malita 20 zodula pamwamba, zoboola mabowo anayi kapena asanu pansi, zokhazika pa njerwa ziwiri. M'chigubu dothi mumasankha nokha, makande sakukhudzani. Dzuwa likanyanya mumakokera pamene pamafika dzuwa la m'mawa lokha. Mvula yoyamba ikagwa mumatulutsa panja kuti itsuke mchere wa chilimwe chonse, ndipo madzi otsika padenga la malata mumatchera m'ndowa kusungira masiku a ng'amba. Vuto lake n'lakuti dothi la m'chigubu limauma msanga, ndiye muzipisa chala tsiku lililonse: mukamva kuti mwauma mpaka pa mfundo yachiwiri, thirirani mpaka madzi atulukire pansi. Pakatha zaka ziwiri mizu imadzaza chigubu chonse, ndipo mumayenera kuzula, kudulako mizu ya m'mbali ndi kuika dothi latsopano.

Mtsikana wina wogulitsa mandasi pafupi ndi pokwerera kabaza anali ndi chigubu chotere pambali pa benchi lake, cha maluwa achikasu. Madzulo aliwonse amachinyamula kukachilowetsa m'nyumba pamodzi ndi beseni, poopa mbuzi ndi anthu a zala zazitali.