Ku Ndirande keyala ndi mtengo wa mango

Loweruka lapitali ndinaperekeza alamu anga, omwe amagulitsa nsapato za kaunjika mu msika wa Limbe, kukatula katundu kwa kasitomala ku Ndirande. Keyala yake tinapatsidwa pa foni: "Mukatsika pa Chinseu mudutse chigayo, mukaona mtengo wa mango mufunse kwa amake mapasa."

Abale, zigayo tinapeza ziwiri. Mango uja ati anadula chaka chatha n'kuwotchera njerwa. Amake mapasa nawo alipo atatu! Tinazungulira m'tinjira todumpha ngalande mpaka kutulukira ku mtsinje wa Nasolo, foni ya kasitomala itazima. Phindu lonse linathera wakabaza.

Tili chikhalire pa khonde la okala ina, tinaona mnyamata akuyenda khomo ndi khomo, maso pa foni. Tinkayesa ngwa ngongole, koma ati akulemba mapu a OpenStreetMap. Awa ndi mapu a pa intaneti omwe Steve Coast anayambitsa ku Britain mu 2004, ndipo aliyense atha kulembamo ulere.

Anationetsa Ndirande yense pa kafoniko: madenga ali tibokositibokosi, ojambulidwa potsata zithunzi za setilaiti. Koma setilaiti imangoona malata, sidziwa nambala ya nyumba. Imeneyo mpaka munthu afike pakhomo. Nambala amailemba pa addr:housenumber, dzina la msewu pa addr:street. Nanga kuno poti tinjira tambiri tilibe mayina? Ati pamenepo amalemba dzina la dera pa addr:place, kaya ndi Goliyo, Makata kapena Malabada.

"Bwanji osangopeka mayina, achimwene?" anafunsa alamu anga. Iye anakana. Lamulo lawo n'kulemba zokhazo zomwe zilipodi pamalopo. Mayina a eni nyumba salemba, koma okala, chigayo, mjigo ndi tchalitchi zimalowa bwinobwino.

Anzathu a ku Kibera, mu mzinda wa Nairobi, anachita zomwezi mu 2009. Dera lomwe pa mapu linkaoneka ngati thengo analilemba okha, masukulu ndi mipopi yomwe.

Ndiye inu a mu msika, mukaona achinyamata oterewa musawathamangitse poyesa ndi okhometsa ziphaso. Auzeni dzina la shopu yanu ndi zomwe mumagulitsa. Ife nsapato zija tinabwerera nazo ku Limbe, ndipo mpaka lero zidakali pa benchi.