Amplifaya ya M'nyengo ya Sitalaka

M'tauni ya migodi mtengo wa katundu wakale umayendera malipiro a anthu a pansi pa nthaka. Akalandira, mawailesi, mafiriji ndi mipando ya sofa zimalowa m'nyumba. Malipiro akaima, zomwezo zimatulukira pakhomo pomwe zidalowera, koma pamtengo wochititsa manyazi. Ku Tlhabane, lokeshoni yoyandikana ndi mzinda wa Rustenburg, yomwe mpaka 1994 inkawerengedwa kuti ili m'dziko la Bophuthatswana, zimenezi zidaonekera poyera m'chaka cha 2014. Kuyambira pa 23 Januwale mpaka kumapeto kwa Juni, anthu pafupifupi 70,000 a m'migodi ya pulatinamu ya Anglo American Platinum, Impala ndi Lonmin adanyanyala ntchito motsogozedwa ndi bungwe la AMCU, pofuna malipiro a R12,500 pamwezi. Miyezi isanu popanda kulandira si masewera. Pofika Meyi, munthu wokhala ndi kandalama m'thumba akadatha kugula chilichonse.

Yemwe adagula amplifaya ya nkhani inoyi sadali wa pamgodi. Adali Mmalawi wa ku Chileka, wowotcherera zitsulo za m'mawindo ndi mageti, ndipo sitalaka idamukhudza iyenso, pakuti munthu wanjala saitanitsa geti. Agogo ake adapita ku Joni pa Wenela, ulendo umene Kamuzu Banda adauimitsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi 74 ochokera ku migodi. Iye adakulira kufupi ndi kwa Singano, kwawo kwa Daniel ndi Donald Kachamba, amene adatenga kwela wa m'malokeshoni a ku South Africa ndi kumuphunzitsa Chichewa. Gitala yake yoyamba idali ya chigubu cha mafuta ndi mawaya a buleki ya njinga. Tsono munthu wa ku Chileka akamasakasaka chida choimbira m'tauni ya migodi, akuponda m'mapazi akale: magitala ambiri oyamba a m'midzi ya ku Malawi adabwera pamsana pa anthu obwerera ku migodi.

Ndalama yomwe adali nayo idali ndi mwini wake kale. Idali ya malata a nyumba ya kumudzi, ndipo mayi a kunyumba ankaidziwa mpaka tambala yomaliza.

Wogulitsa adali mkulu wa ku Lesotho, woboola miyala pansi pa mgodi, yemwe paunyamata wake ankaimba m'gulu lina loyendayenda m'mabawa. Chomwe adatulutsa pansi pa bedi chidali bokosi lakuda lolemera ngati thumba la chimanga lodukiza, chizindikiro cha dzina chitagwa kalekale, kumbuyo kukuoneka mabotolo asanu agalasi: awiri aakulu olembedwa EL34 ndi atatu aang'ono olembedwa ECC83. Aliyense wodziwa zoimba amazindikira kuti kasanjidwe kameneka ndi ka amplifaya ya mawati 50 ya mtundu womwe Jim Marshall adatchukitsa atayamba kupanga zake ku London mu 1962. Masipika padalibe. Adali atagulitsidwa m'mwezi wa Malichi kwa mwini bawa wina, chifukwa sipika aliyense amaimvetsa ndipo siichedwa kupeza wogula.

“Madala, tayatsani ndione ngati ikuyaka,” adatero wa ku Chileka m'chilankhulo chosakaniza cha pamgodi.

“Mphwanga, iyi siyatsidwa yokha. Bwera ndi sipika, apo ayi isiye.”

Kukana kumeneku kudali umboni woposa lisiti. Munthu wanjala amene akukana kukondweretsa wogula kuti ateteze chinthu chomwe mawa sichidzakhala chake ndiye kuti adachisamala masiku onse. Ndipo mkuluyo ankanena zoona. Amplifaya ya mavalavu imagwira ntchito ndi magetsi okwera kwambiri, oposa ma volt 400 mkati mwake, pomwe sipika imafuna magetsi otsika koma oyenda mochuluka. Pakati pa ziwirizi pali thiransifoma yosinthira mphamvuyo. Nyimbo ikalowa koma kutsogolo kulibe sipika yoilandira, mphamvu ija imasowa kolowera, imabwerera m'mawaya a thiransifoma, n'kuboola zokutira zake ndi kuotcha chiwalo chodula kuposa zonse m'bokosimo. Amplifaya za masiku ano za mathiranzisita sizisamala zimenezo. Izo zimaopa kusenzetsedwa masipika ambiri, koma kukhala zopanda sipika sizidandaula. N'chifukwa chake anyamata ozolowera zoimbira za m'galimoto amawononga amplifaya zakale mosadziwa, n'kumati zidali zakufa kale.

Safunsa adadya phula. Tsiku lotsatira wogulayo adabwera ndi mtchona wina wa ku Nkhotakota, wokonza mawailesi, amene tsitsi lidachita imvi ali komweko ku North West. Nkhalambayo idabwera ndi sipika yobwereka ndi mita yoyezera magetsi, ndipo isadakhudze chilichonse idanunkhiza thiransifoma. Yopsa imanunkha vanishi wowauka, fungo losatha ngakhale patapita zaka. Idayang'ana pamwamba pa valavu iliyonse: banga lonyezimira ngati siliva likutanthauza kuti botolo likadali lotsekeka, koma likayera ngati ufa ndiye kuti mpweya udalowa, valavu idafa. Idatulutsa fyuzi kuti ione ngati ili yeniyeni kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu. Idaonetsetsa kuti chosankhira magetsi chili pa malo oyenera ma volt 230 a ku South Africa, amenenso ndi a ku Malawi, pakuti amplifaya yopangidwira ma volt 120 a ku America ikalumikizidwa molunjika imafuka utsi. Pomaliza idamenya dzanja la wogulayo pomwe ankafuna kupisa mkati.

“Mwana wanga, makapasita awa amasunga magetsi ngakhale utazimitsa. Ambiri sadabwerere kwawo chifukwa cha zazing'ono kuposa izi.”

“Ndamva, amalume.”

Adayatsa, n'kudikira kanthawi kuti mavalavu atenthe, ndipo adathimitsa nyale ya m'chipindamo kuti aone ngati zitsulo za mkati mwa mabotolo aakulu aja zikufiira ngati makala, chomwe ndi chizindikiro chakuti valavu ikudya magetsi opyola muyeso. Sizidafiire. Kudangomveka kung'ung'udza kwapansipansi, kwa makapasita okalamba, komwe nkhalamba ija idati n'kochizika. Wa ku Chileka atakhudza nsambo, liwu lidatuluka lonona, lokhuthala, losalasa khutu ngakhale pa nsambo zazing'ono zomwe oimba a ku Malawi amakonda kusewererapo. Apa ndi pomwe pagona chikondi cha oimba pa mavalavu: ukawakankha mwamphamvu sathyoka mwadzidzidzi, amagonja pang'onopang'ono, liwu n'kumakhala ngati la munthu woimba mokweza koma wosakuwa.

Za mtengo n'zovuta kuzikamba mwaulemu. Mkulu wa ku Lesotho adatchula ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa chinthucho ku Johannesburg, ndipo onse atatu ankadziwa kuti akadatsitsabe. Wogula sadanenerere. Ena angatche chimenechi chifundo, koma chifundo chake n'chokayikitsa, popeza sadawonjezerenso. M'nyengo ngati imeneyo palibe mtengo woyera: wotsika umadyera munthu masuku pamutu, wokwera umalanda malata pa nyumba ya ku Chileka. Adawerengerana ndalama mwakachetechete, ndipo wogulitsayo adapukuta bokosilo ndi malaya ake asadalipereke.

Ntchito yeniyeni idayamba pambuyo pake. Kumbuyo kwa amplifayayo kudali mabowo awiri, la ma ohm 8 ndi la ma ohm 16. Nambala zimenezi zimanena kuchuluka kwa katundu amene thiransifoma idapangidwira kusenza, ndipo masipika ayenera kufanana nazo. Masamu ake ndi a pulayimale. Masipika awiri ofanana akalumikizidwa motsatizana, waya kuchoka pa ina kulowa pa inzake, ma ohm amaphatikizana; akalumikizidwa mbali ndi mbali, onse kuyamwa pa mawaya amodzi, nambala imagawika pakati. Awiri a ma ohm 8 amapereka 16 kapena 4. Awiri a 16 mbali ndi mbali amapereka 8. Mita simaonetsa nambala yeniyeniyo: sipika ya 8 imawerenga pafupifupi 6 kapena 7, ndipo wosadziwa amaganiza kuti wanamizidwa.

Wa ku Chileka adali ndi masipika awiri aakulu a m'galimoto, a ma ohm 4 iliyonse, omwe mwini minibasi wina adamusiyira m'malo mwa ndalama ya geti. Motsatizana adapereka 8 ndendende. Papepala ukwati udatheka. Koma ataimba, gitala idamveka ngati ili m'nkhokwe yotsekedwa ndi bulangete. Masipika amenewo adapangidwira kugunda kwa besi: pepala lake ndi lolemera, silinjenjemera msanga, ndipo limadya mphamvu yambiri kuti litulutse liwu lochepa. Sipika ya gitala ndi ya pepala lopepuka, kawirikawiri ya mainchesi 12, yomveka bwino pa mawu apakati pomwe pamakhala liwu la munthu, ndipo imasiya dala mawu okwera kwambiri amene akadachititsa gitala kulira ngati udzudzu. Kusiyana kwa ma decibel 3 okha pa kumveka kwa sipika n'chimodzimodzi kuwirikiza mphamvu ya amplifaya kawiri. Nambala zidagwirizana, koma khutu lidakana, ndipo pa nkhani ya nyimbo khutu ndiye nyakwawa.

Adapita kwa mwini bawa uja kukapempha kuti awombole masipika oyamba. Adawapeza atang'ambika, atawaimbitsa nyimbo za pakompyuta usiku ndi usiku mpaka mapepala kuthetheka. Kenaka kudapezeka awiri pa shopu ya pinyolo m'tauni, ina ya ma ohm 8, ina ya 16, ndipo wogulitsa adalumbira kuti kusiyanako n'kosadetsa nkhawa. Mtchona uja adakana. Mbali ndi mbali zimapereka 5.3, nambala yomwe kulibe pa amplifayayo, ndipo choipa koposa n'chakuti ya 8 imasenza magawo awiri mwa atatu a mphamvu yonse pomwe inzake ikupuma. Adachenjezanso za mawati: amplifaya ya mavalavu yolembedwa 50 ikakankhidwa imatulutsa zoposa pamenepo, choncho masipika ayenera kukhala ndi malo otsala.

Kudatenga miyezi inayi. Sitalaka idatha, mitengo idayamba kukweranso, ndipo amplifaya idakhala pansi pa bedi lina, yofundidwa chitenje, yosayatsidwa. Pomaliza kudapezeka masipika awiri a Celestion a ma ohm 16, ina ku Rustenburg komweko, inzake ku Pretoria. Bokosi adakhoma yekha ndi matabwa a pulayiwudi, m'makona n'kuikamo zitsulo zowotcherera ndi manja ake. Nkhalamba ija idagunditsa batire la ma volt 9 pa mawaya kuti ione ngati mapepala onse awiri akutulukira kutsogolo nthawi imodzi, chifukwa ina ikamakankha inzake ikukoka, liwu limaonda. Idatayanso chingwe cha gitala chomwe wophunzira wake adafuna kulumikizira bokosilo, n'kuikapo waya wokhuthala wa nsambo ziwiri.

Idayamba kuimba pa msonkhano wa bungwe la maliro la Amalawi, la anthu osonkherana kuti mnzawo akamwalira mtembo ukafike kwawo, ndipo kuchokera apo yakhala ikuitanidwa ku maukwati. Mavalavu aakulu adasinthidwa kamodzi. Mafakitale owapanga adatsala owerengeka, ku Russia, ku Slovakia ndi ku China, ndipo nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022 adasowa ndi kukwera mtengo. Mwini wake amasunga awiri apadera m'sokosi, m'sutikesi momwe muli pasipoti.

Kumudzi siidafikebe. Msewu wa basi wodzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza si wa magalasi, ndipo wosintha mavalavu ku Chileka angasowe. Malata adagulidwa chaka chimodzi mochedwa, mvula ina itadutsa pa denga la udzu. Mayi a kunyumba adaimva amplifayayo kamodzi, pa foni, kudzera m'kasipika kochepa ngati batani la malaya. Adamvetsera mpaka nyimbo kutha.

“Abambo, ndiye malata anga aja akulira chonchi?”