Kope la achemwali litanyowa, ofesi inalowa m'foni

Achemwali anga ndi telala. Ali ndi kashopu pa Chitakale, ndipo ukaima pakhomo pake phiri la Mulanje limaoneka ngati ungalikhudze ndi dzanja. Mkatimo muli makina osokera opalasa ndi mwendo, tebulo lodulira nsalu, nsimbi ya makala ndi benchi la makasitomala. Wantchito alibe. Woyeza ndi iwo, wodula ndi iwo, wokagula ulusi ndi mazipi ku Limbe ndi iwo, wolondola ngongole ndi iwo omwewo.

Kwa zaka zambiri ofesi yawo yonse inali kope limodzi lachikuto cholimba. M'menemo munali miyezo ya anthu: chifuwa, chiuno, mapewa, kutalika kwa siketi. Munali amene apereka dipoziti, komanso amene atenga diresi n'kulonjeza kuti adzalipira akalandira ku esiteti, poti makasitomala awo ambiri ndi amayi othyola tiyi.

Mu Malichi 2023 kunabwera namondwe wa Freddy. Mvula inagwa masiku angapo osakata, madzi n'kulowa m'shopu. Kwathu sitinataye munthu, pomwe anzathu ambiri ku Mulanje kuno ndi ku Phalombe anataya abale, nyumba ndi minda. Kudandaula za kope pakati pa maliro otere kunkaoneka ngati chibwana, ndiye achemwali anangokhala chete. Koma nditapita kukawaona ndinawapeza ataliyanika padzuwa, mapepala atamatana, inki itasungunuka yonse.

Mwa kukumbukira kwawo, anthu anali nawo ngongole yoposa K200,000. Ena achilungamo anabwera okha kudzalipira. Ena mpaka lero akakumana nawo pamsika amangopereka moni wautali. Chinawapweteka kwambiri chinali oda ya madiresi asanu ndi limodzi a operekeza mkwatibwi. Atsikana awiri anali atabwerera kale ku Lilongwe, miyezo yawo itapita ndi madzi, manambala awonso anali m'kope lomwelo. Achemwali anasoka mongoyerekeza. Madiresi awiriwo sanawakwane, ndipo banja lija silinabwerenso.

Apa ndi pomwe ine ndinalowerera, ndi digiri yanga yatsopano. Ntchito yanga ndi yolembera makampani ang'onoang'ono nkhani za pa Facebook, ndiye ndinkadziona ngati katswiri. Ndinatenga foni yawo n'kuikamo mapulogalamu anayi amene ndinkaona anthu akunja akuwayamikira pa YouTube. Ina inali ya ndandanda ya ntchito, ina ya marisiti, ina ya bajeti, inayo sindikumbukanso. Ndinawaphunzitsa madzulo amodzi, n'kubwerera ku Blantyre ndikudzitama mumtima.

Patapita milungu iwiri ndinapeza kope latsopano patebulo.

"Achemwali, nanga zija ndinakuikirani zija?"

"Iwe, ine ndizisoka kapena ndizidina foni? Bandulo yanga ya mwezi inatha masiku anayi. Komanso zonse zili m'Chingerezi cha kuyunivesite kwanuko. Zichotse, foni ikuchedwa."

Zinandiwawa, koma ankanena zoona. Safunsa anadya phula. Sindinawafunse n'kamodzi komwe kuti ntchito yawo imayenda bwanji. Loweruka lotsatira ndinakhala pabenchi la makasitomala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndikungoona. Ndinapeza kuti kope amalitsegula pofuna kuyankha mafunso anayi okha basi: munthuyu ndani, miyezo yake ndi yotani, adzatenga liti, watsala ndi zingati. Tinagwirizana kuti chilichonse chosayankha limodzi mwa mafunso amenewa sichilowa m'foni.

Tinayamba ndi akaunti ya Gmail ya shopu. Akaunti imodzi ya Google imabwera ndi malo aulere a 15 GB osungira zinthu pa intaneti, ndipo kwa telala mmodzi malo amenewa ndi ambiri, bola osadzazamo makanema a m'magulu a WhatsApp. Manambala onse a makasitomala tinawachotsa pa SIM n'kuwasunga ku akauntiyo, kuti foni ikabedwa asapite nayo. Pasiwedi tinailemba papepala n'kuika m'sutikesi momwe amayi amasunga makhadi a kusikelo ndi masatifiketi athu. Dzina la kasitomala aliyense timalilemba ndi kwawo komanso chimene anasoketsa, poti ma Mayi Phiri ndi ambiri.

Kenako tinagula SIM yachiwiri n'kuikapo WhatsApp Business, yomwe ndi yaulere. Ubwino wake, uthenga wa kasitomala susochera pakati pa mauthenga a kwaya, a banki m'khonde ndi a zamaliro. Macheza ungawaike chizindikiro chamtundumtundu. Ife tinapanga zinayi: "Oda yatsopano", "Dipoziti yalowa", "Zasokedwa", "Ngongole". Lolemba m'mawa achemwali amangodina "Ngongole", mayina onse n'kuonekera. Muli malo oikamo zithunzi za katundu ndi mitengo yake, ndiye wofunsa masitayelo amangomutumizira. Mulinso mayankho okonzeratu. Lathu loyamba limati: "Zikomo. Timayamba kudula nsalu mukapereka theka la ndalama." Achemwali ankachita manyazi kunena mawu amenewa pamaso, makamaka kwa anzawo a kutchalitchi. Foni ilibe manyazi.

Za miyezo ndiye anandigonjetsa ndi iwo. Ine ndinkafuna azilemba m'foni. Iwo anati munthu sangagwire tepi, choko ndi foni nthawi imodzi. Kope linakhalabe. Chimene tinawonjezera n'chakuti madzulo aliwonse asanatseke, amajambula tsamba la tsikulo n'kuliika mu foda ya pa Google Drive yotchedwa "Miyezo". Sizitenga ngakhale mphindi ziwiri. Kope likadzanyowanso, tsamba lililonse lili ndi mnzake pamalo pomwe madzi safika.

Ndalama tinaziika mu Google Sheets, tsamba limodzi lokha, mizere yotsika isanu ndi umodzi: tsiku, dzina, ntchito, zogulira zipangizo, zolipidwa, zotsala. Pamwamba ndinaika samu yowonkhetsa yokha. Tsambalo tinalitchera kuti lizitseguka ngakhale popanda intaneti, chifukwa kukachita chiperoni kapena magetsi akazima netiweki imavuta. Amalemba choncho, netiweki ikabwera zonse zimakasungika zokha. Tsiku lodzatenga zovala amaliika pa kalendala ya m'foni, ndipo imawakumbutsa kutatsala masiku awiri. Pawa banki imodzi tinagula, basi. Laputopu sinafunike.

Chomaliza chinali chovuta kuposa zonse, ndipo sichinali cha foni ayi. Achemwali ankalandira ndalama za shopu pa nambala yomweyo yomwe amagulira ndiwo, kulipira fizi ya mwana ndi kutumizira amalume akadwala. Mwezi ukatha sankadziwa ngati apindula kapena adya mpamba. Tinagwirizana kuti Mpamba ya pa SIM yatsopano ija ikhale ya shopu, Airtel Money yawo yakale ikhale ya pakhomo. Loweruka lililonse amadzitumizira malipiro ngati wantchito. Poyamba anaseka kwambiri: "Ndidzilipire ndekha? Bwana ndine, wantchito ndine?" Ndinawauza kuti ee, ndipo bwanayo asamabere wantchito, wantchitonso asamabere bwana. Tinaikanso lamulo loti uthenga wonena kuti ndalama zalowa sawukhulupirira asanaone okha balansi, ndipo nambala yachinsinsi sauza munthu, ngakhale woimbayo atanena kuti akuchokera kukampani ya foni.

Miyezi ingapo inadutsa ine ndikukayikabe ngati akulembadi. Ndiye mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Nsalu, ulusi, mazipi, thiransipoti ya ku Limbe, zonse zinakwera. Usiku wina achemwali anandiimbira.

"Tamvera. Ndaona patsamba lako lija. Yunifolomu iliyonse ndikusoka, ndikumaluza."

Anali atayerekeza okha mzere wa zogulira zipangizo ndi wa zolipidwa. Mayunifolomu a sukulu ndiwo ankawatangwanitsa kwambiri, makina osapuma, ndipo ankaona ngati ndi amene akugwira shopu. Koma manambala anaonetsa kuti mtengo anasiya kuukweza kalekale pomvera chisoni makolo, ndipo phindu lenileni linkachokera ku madiresi a zitenje ndi kukonza zovala za kaunjika. Sanasiye mayunifolomu, chifukwa makolowo ndi anansi awo. Anangosintha kachitidwe: kholo lizibwera ndi nsalu yake, iwo azilipiritsa kusoka kokha. Ena anadandaula, awiri atatu anapita kwa telala wina, ambiri anamvetsa. Akanapitiriza mwakale, mpamba sukanafika Pasaka.

Sindinganame kuti zonse zimayenda ngati wotchi. Pali milungu imene amaiwala kujambula masamba, makamaka nyengo ya maukwati. Pali makasitomala achikulire opanda WhatsApp, amene amangotulukira ndi chitenje m'manja, ndipo amenewo amalowa m'kope ngati kale. Bandulo nayo ndi ndalama, ndiye tinazimitsa zoti zithunzi ndi makanema azitsika okha. Ngongole sizinatheretu. Kungoti tsopano aliyense akudziwika ndi dzina, tsiku ndi ndalama yake, ndipo kumukumbutsa sikuyambitsa mkangano chifukwa umboni ulipo.

Chimene sindinayembekezere n'chakuti ophunzira weniweni ndikhala ine. Nanenso ndimagwira ntchito ndekha, koma laputopu yanga inali ngati msika wa Limbuli tsiku la msika: mafayilo mbwee, ena dzina lake "chomaliza", ena "chomaliza chenicheni". Kampani ina inakhala miyezi itatu osandilipira, ine osazindikira, chifukwa sindinalembe paliponse. Tsiku lina ndikudandaula, achemwali anandiyang'ana tepi ili m'khosi.

"Nanga iwe mafunso ako anayi ndi ati?"

Ndinalibe yankho. Usiku womwewo ndinakhala pansi n'kuwalemba: ndikulembera ndani, akufuna chiyani, ndipereke liti, andilipira zingati. Ndinakopera tsamba lawo lija n'kungosintha mitu. Mapulogalamu ena onse ndinachotsa.

Ngati nanunso muli nokha pa geni yanu, kaya mumaphika makeke, kaya mumaoda zinanazi kuno kukagulitsa ku Blantyre, kaya mumaperekeza alendo okwera ku Chambe ndi ku Sapitwa, musathamangire kutsitsa pulogalamu. Khalani kaye tsiku limodzi mukudziona mmene mumagwirira ntchito, mulembe mafunso amene mumadzifunsa mobwerezabwereza. Mukatero muyang'ane m'foni muli nayoyo. Mwina zokuyankhani zilimo kale.

Mwezi watha ndinapitanso ku Chitakale. Kope lachitatu latsala pang'ono kudzaza. Nthawi yoweruka itakwana achemwali anaphimba makina ndi chitenje, n'kutsegula tsamba la tsikulo, kuliwongola ndi chikhatho, kulijambula. Kenako analiika pashelefu yapamwamba, mu jumbo, n'kukhoma chitseko.