Mzere Wofiira pa Mapu

Pakhoma la chipinda changa kuno ku Bvumbwe pali mapu a Malawi amene ndinawapulumutsa m'kabati ya pasukulu chiswe chitayamba kale kudya Nsanje. Pa mapuwo ndajambula mzere wofiira, kuchokera pamsika wathu uno wa tomato ndi kabichi mpaka kumtunda kumene analemba kuti Nyika. Ndikauyeza ndi dzanja mzerewo ndi zikhato ziwiri zokha. Ndikauwerenga m'makilomita ukukwana pafupifupi 870. Koma ndikauwerenga m'zaka ukupitirira 35.

Ndili ndi kamthuthuthu kakang'ono, ka injini ya 125, kamene ndinagula kwa mnyamata wina wa kabaza. Kamandinyamula m'mawa uliwonse kudutsa m'minda ya tiyi kupita kukaphunzitsa, ndipo pakutha pa mwezi kamandifikitsa ku Limbe. Sikanawolokepo Shire, ndipo mwini wakenso sanapitirirepo Lilongwe. Tsono tsiku limene ndinauza amakaniko kuti mu Ogasiti ndikwera nako ku Nyika, iwo anaika sipanala pansi, napukuta manja, nandiyang'ana ngati munthu wobwebweta ndi malungo.

"Aphunzitsi, kodi mabasi atha?"

"Sanathe ai."

"Nanga bwanji mukufuna kupha kanjinga kosalakwa?"

Koma popeza ndi munthu wokonda ntchito yake, madzulo omwewo anang'amba chikatoni nalembapo zofunika: tcheni chatsopano, machubu awiri, zigamba ndi guluu, pampu, mapulagi awiri, kebulo ya kilatchi, oilo, waya ndi malekeni omangira katundu. Kwa milungu itatu akhala akundiphunzitsa kuchotsa tayala lakumbuyo ndekha. Ati kumene ndikupitako kulibe wondiseka, komanso kulibe wondithandiza.

Ulendowu ndaugawa masiku anayi. Tsiku loyamba ndidzatsika ku Limbe ndi ku Blantyre mbandakucha, ndi kugwira msewu wa M1, kuwoloka Shire pa Zalewa, kukwera Ntcheu ndi Dedza, kukagona ku Lilongwe. Lachiwiri ndidzapyola Kasungu ndi kukagona pa Jenda. Lachitatu ndilo la mitengo ya paini ya ku Chikangawa, kenaka Mzuzu, Ekwendeni, ndi kupatuka kulowa ku Rumphi podzera pampata wa Njakwa, pamene mtsinje wa South Rukuru unang'amba phiri. Lachinayi phula lidzandithera. Ndidzapita ku Bolero, ndi kukwera mpaka pachipata cha Thazima, ndipo kuchokera pamenepo padzatsala makilomita ngati 60 a fumbi ndi miyala kuti ndifike ku Chelinda.

Masamu ovuta ali pa petulo. Thanki yanga imalowa malita 12, ndipo pamsewu wabwino lita imodzi imandiyendetsa makilomita 35. Koma pamtunda, uli m'giya yachiwiri, katundu ali kumbuyo, kanjinga kamamwa ngati mlendo pa ukwati. Kuchoka ku Rumphi kukafika ku Chelinda ndi kubwerako ndi makilomita oposa 200, ndipo pamwambapo sindikuyembekeza kupeza pomwetsera. Choncho ndagula chigubu cha malita 5. Amene anagonapo pamzere wa mafuta mu 2022 kapena mu 2024 sangandiseke.

Nyengonso ndaiganizira. Anthu amatama maluwa a ku Nyika. Mitundu ya maluwa otchedwa orchid yokha ikupitirira 200. Koma amachita maluwa m'dzinja, msewu uli phala. Walira mvula walira matope, ndipo ine matope sindiwatha. Mu Juni ndi Julayi kumagwa chisanu choumitsa mame paudzu, pakuti nsonga ya Nganda ndi yotalika mamita oposa 2,600. Ife a ku Thyolo timadzitama ndi chiperoni, koma akuti chiperoni ndi mwana. N'chifukwa chake ndasankha Ogasiti, sukulu zili zotseka, kuzizira kutayamba kuchepa.

Zonsezi ndikhoza kuzifotokoza mopanda chibwibwi kwa aliyense wondifunsa. Anzanga m'chipinda cha aphunzitsi amayesa ndikupita kukaona mbidzi, ntchefu ndi mphoyo, ndipo ine sindiwatsutsa. Chimene sindinawauze n'chakuti pafupi ndi chipata cha Thazima pali manda a bambo anga.

Bambo anali mphunzitsi, ndipo anabwera ku Thyolo kuno ali mnyamata. Anakwatira mayi, mwana wa Alomwe amene makolo awo anachokera ku Mozambique kudzathyola tiyi, nakhala pachikamwini monga mwa mwambo wa kuno. Mu 1989 linatuluka lamulo lakuti aphunzitsi abwerere kuzigawo zakwawo. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndimakumbukira mkangano wa usiku pakhonde. Bambo ankati kwawo ana ndi a mwamuna. Amalume ankati kuno mbumba sichoka pamudzi. Aliyense ankanena zoona za kwawo, ndipo m'mawa mwake bambo anakwera basi okha, atanyamula sutukesi ndi wailesi. Makalata anabwera kwa zaka zingapo. Yomaliza inabwera mu 1994, yolembedwa ndi dzanja lachilendo, maliro atapita kale.

Nditakula ndi pamene ndinazindikira kuti kumeneku kunali kusamutsidwa kwawo kwachiwiri. Paki ya Nyika inakhazikitsidwa mu 1965, ndiyo yoyamba m'dziko muno. Mu 1978 anaikuza kufika pa masikweya kilomita pafupifupi 3,200, ndipo midzi imene inagwera mkati mwa malire atsopano inachotsedwa. Mudzi umene bambo anabadwira unali umodzi mwa imeneyo. Ambiri a inu munaonapo m'laibulale buku la Laurens van der Post, Venture to the Interior, la ulendo wake wa mu 1949, ndipo alendo mpaka lero amapita ku Nyika kukafuna chipululu chopanda munthu. Sindikuwadzudzula. Nanenso ndikufuna nyama ndi akasupe a kumeneko zisungike. Koma m'mapiri amenewo muli ng'anjo zakale zimene Aphoka ankasungunuliramo chitsulo. Ng'anjo simadziumba yokha.

Ife a kuno nkhani yotere sitiyenera kuidabwa. Mlendo akamadutsa pamsewu wa ku Thyolo amaimitsa galimoto najambula tiyi wobiriwira ngati mphasa yoyalidwa pamapiri. Sadziwa kuti kuseri kwa kukongolako anthu tapanikizana pa timinda tosakwana ekala, ndi kuti agogo athu analipira malo okhala ndi thukuta la thangata. Mayi anga anakulira m'mphepete mwa munda umene sakanatha kulimamo; bambo anga anafera m'mphepete mwa phiri limene sakanatha kubwererako. Ine ndine mwana wa mipanda iwiri, ndipo ndaonapo umodzi wokha.

Chaka chatha kunabwera pasukulu pathu mtsikana wa ku Bolero kudzayeserera uphunzitsi. Atamva dzina la bambo anati akuwadziwa eni dzinalo. Patapita milungu iwiri ndinalankhula pafoni ndi mlongo wawo wa bambo, nkhalamba imene Chichewa chake n'chochepa monga m'mene Chitumbuka changa chiliri. Tinapatsana moni katatu, kenaka onse tinangokhala chete, ndalama za foni zikutha. Mtsikanayo anandiphunzitsa kuti azakhali oterewa kumeneko amati ankhazi. Tsopano ndikamayenda pakati pa tiyi ndimayeseza m'chisoti: monire ankhazi, muli uli, nili makora, yewo. Zikatha pamenepo ndilibenso mawu.

Apa ndi pamene masamu anga akulephera. Ndikudziwa malita, makilomita ndi pogona. Koma akadzandifunsa chifukwa chimene sitinabwere kumaliro, kapena chifukwa chimene ndadikira mpaka imvi, ndidzayankha chiyani? Basi ikanandifikitsa tsiku limodzi ndi usiku wake. Ndasankha kamthuthuthu kaamba koti ndikufuna mtunda umenewu ndiumve m'msana, boma ndi boma, monga munthu wobweza ngongole pang'onopang'ono. Mwinanso, kunena zoona, ndikufuna masiku anayi oti ndipeze yankho.

Munthu womaliza kumuuza anali mayi. Ndinawapeza akusankha nyemba pakhonde lomwe lija. Ndinayembekeza kuti akwiya, pakuti dzina la bambo sitinkalitchula kawirikawiri pakhomopo. Anamvetsera osadzutsa mutu. Nditamaliza analowa m'nyumba, natuluka ndi juzi yaubweya yofiirira imene sindinaionepo.

"Ndinawalukira atachoka," anatero. "Ankadandaula m'kalata kuti kwawo kukuzizira. Ndinasowa womutuma."

"Ndikawapatse azakhali kodi, amayi?"

"Uvale iweyo. Ukafika akaiona okha."

Ndinaiyesa usiku womwewo. Manja ake ndi aafupi pang'ono, ndipo ikununkha m'bokosi. Pa chikatoni cha amakaniko chija, pansi pa mapulagi ndi malekeni, ndawonjezapo mzere umodzi. Kwatsala milungu isanu, ndipo tayala lakumbuyo tsopano ndikulichotsa m'mphindi 20.