Mlonda wa pa cipata awerenga mau athu

Ife amene tinaphunzira pa sukulu za misoni tikumbukira kalata ya umboni. Mnyamata wofuna nchito ku Lusaka kapena ku migodi anali kupita kwa Bambo Mfumu, ndipo iwo anali kulemba za munthu amene anamubatiza ndi manja ao, amene makolo ake anali kuwadziwa. Masiku ano umboni ufunidwa kwina.

Kuyambira caka ca 2019, boma la America lifunsa pafupifupi aliyense wopempha viza kuti alembe maina amene wagwiritsa nchito pa Facebook, Instagram ndi masamba ena otere pa zaka 5 zapitazo. Mu June 2025 ofuna kukaphunzira anauzidwa kutsegula masamba ao kuti aoneke kwa onse. Pa 15 December 2025 lamuloli linafika kwa opempha viza ya nchito ya mtundu wa H-1B, ya akatswiri monga mainjiniya ndi a makompyuta, pamodzi ndi a m'banja opita nao. Motero mau a mkazi angathe kutsekera mwamuna cipata.

Sitikana kuti mwini nyumba ali ndi ufulu wa kudziwa mlendo amene agogoda. Cimene citidetsa nkhawa ndi kawerengedwe kake. Taganizirani za cimbuya cathu. Mngoni ndi Mbemba akakumana, ngakhale pa maliro, anyozana kolapitsa: uyu akuti ndinu odya mbewa, uyo akuti ndinu odya anyani. Ife tidziwa kuti cimeneci ndi cibale, cimene cipukuta misozi ya anamfedwa. Ana athu anacitengera pa lamya zao, ndipo acilemba tsiku ndi tsiku. Nanga mlendo amene sadziwa za cimbuya, mwina woyamba wamasulira mauwo ndi makina, adzaona ciani? Kodi sadzaona cidani ca mitundu?

Pophunzitsa lamulo lacisanu ndi citatu, timauza akatekumeni kuti Mkhristu ayambe wamasulira mau a mnzake mokomera, ndipo ngati akaika, amufunse mwini wake. Koma pa zenera la ofesi ya kazembe nthawi ndi yocepa, ndipo wokanidwa kawirikawiri sauzidwa ciganizo cimene camugwetsa.

Pali ngozi ina imene ife makolo tiyenera kuiona. Mantha aphunzitsa bodza. Ena alangiza acinyamata kubisa dzina limodzi polemba fomu, kapena kutsegula tsamba latsopano lodzaza mavesi okhaokha. Awa ndi malangizo oipa, ngakhale kwa amene saopa Mulungu, pakuti boma la America linacenjeza kuti wobisa dzina angakanidwe viza, ndipo angatsekeredwe ngakhale mtsogolo. Nthabwala ya cimbuya munthu angaifotokoze akafunsidwa, koma dzina lobisidwa likapezeka, bodzalo lili pa fomu imene iye mwini anatsimikiza kuti ndi yoona.