Disiki yathu inaima pa gawo 63

Munali mu Okutobala 2024, mwezi umene kuno ku Luangwa ngakhale mbuzi zimakana kuchoka pansi pa mlambe. Malaiti anabwera cha m'ma 19 hours, titawadikira kuyambira usiku wa dzulo lake. Mwamsanga tinatulutsa TV pakhonde, pakuti m'nyumba ya malata simukhalika nthawi imeneyo. Amai anayala mphasa, ana a mlongo wathu anakhala kutsogolo, ndipo aneba awiri anabwera ndi mipando yawo. Tinali pa gawo 63 la Jumong.

Kwa inu amene munabadwa foni ili kale m'manja, Jumong ndi sewero la ku South Korea limene linaonetsedwa koyamba pa MBC mu 2006 ndi 2007, ndipo lili ndi magawo 81. Amai sawerenga Chingerezi, choncho nchito yathu inali kumasulira mawu olembedwa pansi aja. Chingerezi chakenso chinali chopindika, moti nthawi zina tinkangopeka. Amai sanavutike ndi maina. Daeso anali "wanjiru uja", Soseono anali "mkazi wanzeru uja", ndipo ankawakalipira onse ngati ana a m'mudzi mwawo.

Pakati pa nkhondo, nkhope ya Jumong inasweka n'kukhala timabokosi. Mawu anachita chibwibwi, hatchi inaima mwendo uli m'mwamba, kenako zii. Makina analira pang'ono mkati n'kulemba kuti mulibe disiki, pamene disiki inali momwemo.

Zimene tinachita mukuzidziwa. Tinaipumira mpweya n'kuipukuta pa malaya. Tinaipaka Colgate, tinaitsuka, tinaiumitsa. Neba wina anati tiike m'firiji, koma firiji inali itangoyaka kumene, m'kati muli motentha kuposa panja. Tinayesa kudumpha kupita pa gawo 64, makina anakana. Amai anatiyang'ana ngati ndife taipha nkhaniyo. "Inu a pa wailesi, makina sakumverani?"

Disiki ya DVD ndi mapulasitiki awiri opyapyala omatidwa pamodzi, ndipo pakati pake pali kansalu konyezimira kamene kuwala kwa makina kumawerenga. Ikangokandika kunja, nthawi zina kupukuta kumathandiza. Koma guluu akayamba kulekana, mpweya ndi chinyezi zimalowa, kansalu kaja kamadyeka, ndipo palibe Colgate amene angafike kumeneko. Madisiki owotcha pa kompyuta ndiye osalimba kwambiri, chifukwa zithunzi zimalembedwa pa utoto umene umafooka ndi dzuwa ndi kutentha. Tsono ganizirani dera lathu, limene lili m'chigwa chotsika kuposa kwina kulikonse m'Zambia, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40. Titaiyang'anitsa pa tochi, disiki yathu inali ndi timadontho ngati ta khofi cha m'mphepete. Sinakandike. Inali kuwola.

Tisanamizire kutentha kokha. Disikiyo tinaigula m'mbali mwa msewu ku Lusaka zaka zambiri zapitazo, imodzi ya zija za chikuto chowala zolonjeza sewero lonse m'madisiki ochepa. DVD wamba imanyamula 4.7 GB, ya nsanjika ziwiri 8.5 GB. Kuti maola makumi awiri akwanemo, opanga amafinya zithunzi mpaka usiku wa m'sewero umangooneka ngati phala lakuda. Tinkadziwa kuti ndi yachinyengo, ndipo tinagula. Koma tinatonthozedwa pang'ono mu Malichi 2025 pamene kampani ya Warner Bros. inavomera kuti ma DVD ake ena opangidwa pakati pa 2006 ndi 2008 akuwonongeka okha, ndipo inalonjeza kusinthira anthu. Amenewo anali madisiki enieni, ogulidwa ndi madola, osungidwa m'nyumba zozizira. Nawonso anawola.

Usiku ule mphwathu wamkulu, wa giredi 11, anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Amalume, mukali pa ma CD? Manje vonse vili pa foni." Si iye yekha amene amaganiza choncho. Ngakhale Netflix, imene inayamba ndi kutumizira anthu ma DVD pa positi ku America, inatseka nchitoyo mu Seputembala 2023 patapita zaka 25. Tinampatsa foni kuti atisonyeze.

Apa ndi pamene tikufuna inu a ku Kabwata ndi ku Chelstone mutimvetse. Luangwa Boma ili pa mphuno ya dziko. Mukachoka pa Great East Road pa Luangwa Bridge mumatsika makilomita opitirira 80 mpaka msewu utathera m'madzi, pamene Luangwa amathira mu Zambezi. Kutsidya kwa Luangwa ndi Zumbo, ku Mozambique. Kutsidya kwa Zambezi ndi Kanyemba, ku Zimbabwe. Mukaima molakwika kudooko, foni imakulandirani m'dziko la eni musanakwere n'komwe bwato. Netiweki ilipo, sitikunama, ndipo masiku ena imathamanga bwino. Koma madzulo, aliyense akagwira foni, kanthu kozungulira kaja kamazungulira mpaka nsima kuzizira.

Ndiye pali masamu. Ola limodzi la kanema wooneka bwino pang'ono limadya pafupifupi 1 GB. Mukatsitsa mpaka nkhope ziyambe kusungunuka, limadya mwina 300 MB. Ife tinatsala ndi magawo 19, lililonse pafupifupi ola. Ndiye kuti 19 GB, kapena 6 GB ngati tivomera kuonera mithunzi. Munthu wodzipereka pa wailesi salandira malipiro a mwezi. Bundle imene timagula ndi yotumizira nkhani ndi kuimbira anthu oti tiwafunse mafunso. Kuiwotcha pa Jumong kunali ngati kuphikira nyemba pa makala ogula m'kapulasitiki. Onjezani kuti makampani ambiri oonetsa makanema amafuna khadi la ku banki, pamene ndalama zathu zimakhala pa mobile money. Starlink inafika m'Zambia mu Okutobala 2023, inde, koma mbale yake simuipeza pa nyumba ya wogulitsa nsomba zouma.

Mphwathu anapezadi gawo 63 penapake pa intaneti. Anthu asanu ndi atatu tinaunjikana pa foni imodzi, mitu kugundana, thukuta kusakanikirana. Mawu olembedwa pansi anali aang'ono ngati nyerere. Patapita mphindi zochepa kanema anaima, nkhope ya Jumong inasanduka timabokosi tomwe tija. Amai anaseka koyamba usiku umenewo. "Nayenso wa pa foni wadwala matenda omwewo." Posakhalitsa malaiti anapita. Chaka chimenecho chilala chinaphwetsa Kariba, ndipo ife tinkakhala mumdima tikumva Zambezi yemweyo akudutsa pakhomo pathu kupita ku Cahora Bassa.

Chimene mphwathu sanadziwe ndi chakuti za pa intaneti si zako. Umalipira kuti ulowe m'nyumba ya wina, ndipo mwini nyumba amasuntha mipando mmene afunira. Sewero likhoza kupezeka ku dziko lina koma kuno ayi, chifukwa chilolezo chimagulitsidwa dziko ndi dziko. Likhoza kukhalapo lero, mwezi wamawa lachotsedwa. Mu Disembala 2022, HBO Max inachotsa Westworld, sewero lawolawo limene anawonongerapo ndalama zochuluka. Disiki ikafa umaiona, umaigwira, umaitukwana. Za pa intaneti zimangosowa, ndipo sudziwa woti umufunse.

Komabe za Jumong sitinade nazo nkhawa kwenikweni. Sewero limenelo lili m'makompyuta a anthu ambirimbiri, kuyambira ku Seoul mpaka ku Tehran, ndipo silidzatayika. Chimene chinatisowetsa tulo ndi funso limene Amai anafunsa tili mumdima: "Nanga Kabanana ija, ilimo m'foni mwanumo?"

Amene munakula m'zaka za m'ma 2000 mukukumbukira mmene makomboni ankakhalira chete Kabanana ikayamba pa ZNBC. Mukukumbukira Banja pa Muvi TV, ndi mmene tinkasekera Bikkiloni ndi Diffikoti. M'mawa mwake, tili ku wailesi, tinafufuza. Tinapeza zidutswa: gawo limodzi apa, mphindi zochepa apo, zina zojambulidwa ndi foni kuchokera pa TV. Sewero la ku Korea tikhoza kulipeza lonse, mwa njira ina kapena inzake. Sewero lolankhula chilankhulo chathu, lojambulidwa m'misewu imene timaidziwa, sitinathe kuliona kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndipo pa mlandu umenewu ifenso tili ndi mbali. Ndani akanaika ndalama zake popanga madisiki abwino a sewero la kuno, akudziwa kuti mawa lake tigula lokopera pa mtengo wa fritasi? Boma linabweretsa hologramu mu 2013 kuti tizizindikira madisiki enieni, koma ambiri a ife sitinaifunefune n'komwe pa chikuto.

Timaganizanso za Julius Chongo, amene nthano zake za Pocheza M'madzulo zinkasonkhanitsa mabanja pa wailesi m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Zina mwa izo tikhoza kuziwerenga lero chifukwa Ernst Wendland anakhala pansi n'kuzilemba m'buku. Panafunika munthu mmodzi wouma mutu. Popanda wotero, mawu a pa wailesi amapita ndi mphepo.

Zimenezi ndi zimene zinatikumbutsa katoni. Pa wailesi yathu, pamwamba pa kabati, pansi penipeni pa malata, panali katoni ya madisiki amene ife ndi anzathu amene anatitsogolera tinawotcha pa kompyuta. Munali masewero athu a Chikunda ndi Chinsenga onena za maukwati a ana, za njovu zodya m'minda, za ng'ona kudooko. Munalinso zokambirana ndi akuluakulu a ku Kavalamanja, kumene asilikali a Rhodesia anaukira mu Malichi 1978. Tinkanena monyada kuti zonse tinasunga. Palibe amene anatsegula katoniyo kwa zaka.

Tinaitsitsa Loweruka lotsatira. Madisiki ena anali atamatirirana. Ena zolemba za pamwamba zinali zitafufutika, osadziwika kuti muli chiyani. Tinawalowetsa mu laputopu imodzi yokhayo imene ikali ndi polowetsa disiki, imodzi imodzi, tsiku lonse. Ambiri anawerengeka, ena anakana. Imodzi mwa yokanayo inali ya ambuya ena amene anatisimbira mmene anathawira ndi mwana kumsana ndege zikuuluka pamwamba pa mitengo. Tinawajambula ife, titakhala pa mtondo wogona pakhomo pawo, ndipo anatipatsa masau pobwerera. Anamwalira zaka zingapo zapitazo. Mawu awo amamveka bwinobwino mpaka mphindi 11, kenako amachita chibwibwi ngati Jumong uja, n'kuduka pakati pa chiganizo. Tinayesa makina atatu. Palibe amene tingamuloze chala. Katoniyo tinaiika pansi pa malata ndife.

Mwina mukuyembekeza kuti tinene chabwino n'chiti, disiki kapena intaneti. Kunena zoona, kuno chimene chinapambana si chimodzi mwa ziwirizi. Ndi fulashi ndi memory card. Pitani pa kantemba kalikonse kochajira mafoni, mupeza mnyamata ndi laputopu akuthira masewero m'mafoni a anthu pa makwacha ochepa. Asodzi amapita nazo kumisasa, amalonda amawoloka nazo kupita ku Zumbo. Sizifuna netiweki, sizikandika. Nazonso zimafa, tikudziwa, ndipo zimafa mwadzidzidzi popanda ngakhale timadontho tochenjeza. N'chifukwa chake za mu katoni zimene zinapulumuka tinaziika malo atatu: pa hard drive ya ku wailesi, pa ina imene imagona kunyumba kwa mnzathu, ndipo pang'onopang'ono tikuzikweza pa intaneti usiku kwambiri, pamene bundle yotchipa imagwira nchito ndipo netiweki ili yokha. Fayilo ya ambuya aja tinaikweza momwemo, ndi mphindi zake 11.

Magawo otsala a Jumong anabwera patapita milungu itatu, pa fulashi imene msuweni wathu anapatsira kondakitala wa basi yochokera ku Lusaka. Inde, nayonso inali yokopera, sitibisa. Tinamaliza mu Novembala, mvula yoyamba ikununkhira. Pamene Soseono anatenga ana ake awiri n'kunyamuka kupita kum'mwera, kumusiya Jumong ndi ufumu umene anamanga limodzi, Amai anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Nanenso ndikanapita," n'kuyamba kupinda mphasa.

Disiki yowola ija sitinaitaye. Amai anaimanga pa chingwe kudimba kwawo, m'mbali mwa mtsinje, ndipo imazungulira ndi mphepo n'kumathwanima. Akuti mbalame zimaiopa, koma anyani anaizolowera pa sabata imodzi.