Kukaona Lilongwe Khanda Lili Kumsana

Kwathu kuno ku Nkhotakota alipo ambiri amene mzinda wa Lilongwe amangoudziwa chifukwa cha matenda, maliro kapena kukapikula katundu. Amatsika basi m'mawa, nkuthamanga ndi zimene apitira, madzulo ali kale padepoti. Kupita kumzinda kungokaona malo ena amati nkuononga ndalama, ndipo kupita ndi khanda amati nkuputa mavuto dala. Nchifukwa chake amayi ambiri amatha zaka akungosiyidwa pakhomo, pakuti mwana uyu akamaleka kuyamwa, wina amakhala ali m'njira. Ife tinagwirizana kuti tipite tonse atatu, pamodzi ndi mwana wathu wa miyezi 7, m'mwezi wa Julaye. Zimene tinaona tikuuzani, abale ndi alongo, kuti nanunso mukafuna kutero mudziwe poyambira.

Mtunda wake ndi wa makilomita pafupifupi 200 mukadzera ku Salima. Tinanyamuka titangoswali Fajr, nkutsata msewu wa M5 kudutsa pamlatho wa Chia, pamene ogulitsa nsomba amaimika chambo m'mwamba kukopa a pagalimoto, kenaka pa Benga mpaka pa Salima. Tinasankha basi yaikulu ngakhale imachedwa, chifukwa m'minibasi mayi amapanikizika mpaka kusowa poyamwitsira. Mwana tinamumasula kumsana nkumufukata, pakuti kukhala pampando mwana ali kumbuyo kumamufinya.

Kuchoka pa Salima msewu wa M14 umayamba kukwera zitunda, kudzera ku Mvera ndi pa Chezi mpaka pa Kanengo. Apa mpamene munthu wa kunyanja amadziwa kuti wafika kwa eni. Nyanja yathu ili pamalo otsika, pamene Lilongwe ali pamtunda wokwera mamita oposa 500 kuposa kwathu. M'miyezi ya Juni ndi Julaye usiku kumazizira mpaka kufika madigiri 10 kapena kutsikirapo. Mwana wozolowera kugona ndi thewera lokha kumphepo ya kunyanja amafunika chipewa, masokosi, juzi ndi bulangete. Agogo ake ndiwo anatikakamiza kutenga zonsezi, ndipo tisanafike pa Kanengo mwana anali atavala kale.

Tinafikira kwa achemwali ku Kawale. Atangotilonjera anatenga mwana nati, "Mlamu, neti mwatenga? Musaone kuzizira, udzudzu kuno uliko." Tinali nayo, pamodzi ndi buku la kusikelo, mapaketi a Thanzi ndi ufa wa phala wa kwathu. Bukuli musalisiye. Mwana akadwala mumzinda, dokotala amene sanamuonepo amadalira bukulo kuti adziwe katemera amene analandira ndi mmene thupi lake likukwerera.

Lilongwe anakhala likulu la dziko m'chaka cha 1975 kulowa m'malo mwa Zomba, ndipo pa kalembera wa 2018 munapezeka anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Mzindawu uli ngati mizinda iwiri. Ku Old Town kuli msika, depoti, masitolo a amwenye ndi chipwirikiti cha anthu. Ku City Centre kuli maofesi a boma, misewu yotakata ndi mitengo, koma malo ake ngotalikirana kwambiri moti wapansi amatopa. Tinagawa ulendo kuti tsiku lililonse tione mbali imodzi yokha, ndipo dzuwa likapendeka tikhale tili kunyumba.

Tsiku loyamba tinapita ku City Centre. Tinaona chiliza cha Dr Hastings Kamuzu Banda, amene anamwalira mu 1997, ndipo chilizacho chinatsegulidwa mu 2006. Chapafupi pali Nyumba ya Malamulo imene inatsegulidwa mu 2010, kumene aphungu athu amakakambirana. Tinaima kunja nkumaiyang'ana, mayi a mwana nati, "Bambo ake, kani zimene timamva pawailesi zija zimachokera muno?" Kenaka tinatsikira ku Lilongwe Wildlife Centre, nkhalango ya pakati pa mzinda m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, kumene amasamalira nyama zopulumutsidwa m'manja mwa anthu. Kwa banja la khanda malowa ndiwo anatikomera koposa. Kuli mthunzi, kulibe utsi wa galimoto, ndipo mayi amakhala pansi nkuyamwitsa popanda womusuzumira. Chenjerani ndi apusi okha, chifukwa nthochi ili m'manja mwa mwana amaiona msanga.

Tsiku lachiwiri linali la ku Old Town. Pamtsinje wa Lilongwe, pakati pa misika, pali timilatho tamitengo timene anyamata amalipiritsa wowoloka. Ifeyo tinazungulira kukadutsa pamlatho waukulu, pakuti matabwa ogwedera ndi mayi wobereka nzosayenderana. Akabaza a njinga zamoto anatiitana kangapo, "Tiyeni mayi, mwanayo timuika pakati!" Tinakana. Mtengo wawo ngotsika ndithu, koma khanda lilibe chipewa choliteteza, ndipo njinga ikagwa woyamba kugunda pansi ndi amene ali kumsana. Mumsika ndalama ndi foni zinali kwa bambo, mayi ali patsogolo kuti mwana azioneka nthawi zonse. Chikuku chokankhira mwana sichingayende m'tinjira timeneti. Chitenje chathu chomwechi ndicho chinagwira ntchito, ndipo tinatenga zinayi: choberekera, chofunditsa, choyala posintha thewera ndi china chapadera.

Nthawi ya Dhuhr itakwana tinalowa mumzikiti waukulu wa pafupi ndi msika. Poti tinali pa ulendo tinafupikitsa swala ndi kuphatikiza Dhuhr ndi Asr, monga mmene malamulo amalolera wapaulendo. Tinasinthana, wina kuswali wina atanyamula mwana. Amayi ena amene sitikuwadziwa anamulandira nkumamusewera ngati mdzukulu wawo. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe. Chakudya tinadya m'lesitilanti yokhala ndi chizindikiro cha Halaal, ndipo m'derali malo otere sasowa.

Nkhani ya madzi ndiyo tinaiikira mtima kwambiri. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023 imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe anali m'gulu la madera amene anakhudzidwa koposa, mpaka sukulu za mumzindamu zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Mwana wa miyezi 7 amaika m'kamwa chilichonse. Madzi ake tinkawiritsa kunyumba nkuika mufulasiki, phala tinkaphika tokha m'mawa, ndipo mafilizesi ndi zipatso zosenda kale za m'mbali mwa msewu sitinamulawitse. Sopo anali m'chikwama. Mwana wosakwana miyezi 6 ndiye wosavuta kuyenda naye, chifukwa bere lokha limamukwanira. Khanda likayamba kutsegula m'mimba, lipatseni Thanzi, pitirizani kuyamwitsa ndipo thamangirani kuchipatala cha pafupi tsiku lomwelo, osadikira kuti mukafike kaye kwanu.

Bwalo la masewera la Bingu, limene linatsegulidwa mu 2017, tinangolionera patali, ndipo masitolo ena aakulu sitinalowemo chifukwa mwana anali atagona. Tinaona zochepa poyerekeza ndi amene amayenda okha, koma tinazionera limodzi, ndipo mwana anabwerako wathanzi, Alhamdulillah.

Abambo, pokonza ulendo wa kumzinda werengerani mayi ndi khanda lomwe. Sungani ndalama yapadera ya takisi ngati mwana atadwala usiku, nyamukani m'mawa kuti mdima usakupezeni panjira, ndipo chikwama cha matewera chikhale paphewa panu.